Laputopu Ikakana Kugona Pambuyo pa Update ya Windows

Vuto ili limadziwika ndi zizindikiro zochepa koma zosautsa kwambiri. Munthu amatseka chivindikiro cha laputopu poweruka, n'kuiika m'chikwama, ndipo akafika kunyumba amaipeza yatentha, fani ikulira, moto utatsala pang'ono kutha. Wina amaisiya patebulo usiku batire lili lodzaza, koma m'mawa amapeza yathimiratu ngakhale kuti palibe amene anaikhudza. Zimenezi zikayamba patangopita tsiku limodzi kapena awiri chilowereni update ya Windows, anthu ambiri amathamangira kuchotsa update yonseyo, kapena kupita nayo kwa okonza kuti akafufute zonse ndi kuikamo Windows yatsopano. Njira ziwirizi n'zomalizira, ndipo nthawi zambiri sizifunika n'komwe. Windows imalemba yokha chimene chikuiletsa kugona komanso chimene chaidzutsa, choncho ntchito yeniyeni ndi kuifunsa musanasinthe kalikonse. Malangizo otsatirawa ndi a Windows 10 ndi Windows 11, ndipo asanjidwa kuyambira pa zosavuta mpaka kukafika pa zimene zingawononge zinthu mukalakwitsa.

Dziwani kaye kuti vuto lanu ndi liti

Anthu akamanena kuti laputopu sikugona amatanthauza mavuto atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Loyamba ndi loti laputopu sigona yokha mukaisiya osaikhudza, ngakhale kuti munaiuza kuti izigona pakapita mphindi 10 kapena 15. Lachiwiri ndi loti imagona ndithu, koma imadzuka pakangopita masekondi angapo kapena pakati pa usiku. Lachitatu, lomwe ndi lonyenga kuposa onse, ndi loti sikirini imathima ndipo zonse zimaoneka ngati zagona, koma mkati makina akugwirabe ntchito n'kumadya moto. Kuti musiyanitse, zulani chilichonse cholumikizidwa pa laputopu, kaya ndi mausi, flash disk, chingwe cha foni kapena sikirini yachiwiri, kenako dinani Start, Power ndi Sleep. Yang'anani kanyali ka pa batani loyatsira, komwe pa laputopu zambiri kamaphethira pang'onopang'ono makina akagona, ndipo ikani khutu pafupi ndi potulukira mpweya. Ikakhala chete kwa mphindi 5 idzutseni, ndipo muisiye osaikhudza mpaka nthawi imene imayenera kugona yokha itadutsa. Mukaona kuti vuto latha mutazula zinthu zija, muzibwezera chinthu chimodzi pa nthawi ndi kuyesanso, pakuti cholakwacho chili pakati pa zimenezo.

Chotsatira ndi kutsimikiza kuti update yomwe mukuidandaulayo inamalizadi kulowa, ndipo anthu ambiri vuto lawo limathera pomwepa. Update ya Windows imayenda m'magawo: kukoka mafayilo pa intaneti, kuwaika, ndi kumalizitsa kompyuta ikayambiranso. Gawo limodzi likatsalira, pulogalamu yoyendetsa ma update imaona kuti ntchito yake sinathe ndipo imapempha kuti makina akhale maso. Izi zimawagwera kawirikawiri amene amagwiritsa ntchito intaneti ya pa foni, chifukwa bandulo imatha mafayilo asanafike onse, kapena netiweki imaduka, kapena magetsi amathima batire n'kutha ntchito ili pakati. Tsegulani Settings, pitani pa Windows Update, dinani Check for updates, ndipo lolani chilichonse chimene chikudikira kuti chimalizike. Pa Windows 10 malowa ali pansi pa Update & Security. Ngati munachonga netiweki yanu kuti ndi Metered connection pofuna kusunga bandulo, dziwani kuti Windows imaimitsa ma update ambiri pa netiweki yotero, choncho mungafunike kupeza Wi-Fi kapena kuchotsa kaye chizindikirocho kwa tsiku limodzi.

Mukatero sankhani Restart, osati Shut down. Kuyambira pa Windows 8, yomwe inatuluka mu 2012, pali chinthu chotchedwa Fast Startup chimene chimachititsa kuti Shut down isazimitse zonse. Imasunga pa diski phata la Windows pamodzi ndi ma driver, omwe ndi mapulogalamu oyendetsa zipangizo monga sikirini ndi Wi-Fi, monga mmene analili, n'kudzawadzutsa momwemo mukayatsanso, kotero driver imene yasokonezeka imabwerera ili yosokonezekabe. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. Munthu amene amathimitsa laputopu yake usiku uliwonse angathe kukhala milungu ingapo asanaiyambitsenso kwenikweni. Nthawi zina pamafunika Restart kawiri, chifukwa update ina imaonekera yoyamba ija itamaliza.

Update yaikulu imatha kubweza zina mwa zimene munasankha kale, choncho onaninso malo awiri. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani powercfg.cpl, ndipo dinani Enter. Kumanzere sankhani Choose what closing the lid does, ndipo onetsetsani kuti pa When I close the lid palembedwa Sleep mbali zonse ziwiri, ya batire ndi ya chaja. Kenako pa Change when the computer sleeps onani ngati sipanalembedwe Never. Zikakhala bwino pamenepa, musatayepo nthawi.

Funsani Windows chimene chikuigwira

Ntchito yotsalayi imachitikira pa zenera la malamulo. Dinani Start, lembani cmd, dinani ndi batani lakumanja la mausi pa Command Prompt, ndipo sankhani Run as administrator, chifukwa popanda mphamvu zimenezi malamulo ena amakana kugwira ntchito. Lamulo loyamba ndi ili:

powercfg /a

Limasonyeza mitundu ya tulo imene laputopu yanu imadziwa. Mukaona Standby yokhala ndi S3, muli ndi tulo takale, tomwe purosesa imathima ndipo moto wochepa umapita ku RAM kuti isunge zimene munatsegula. Mukaona S0 Low Power Idle, laputopu yanu ili ndi Modern Standby, njira imene sikirini imathima koma makina amatha kukhalabe pa netiweki ndi kumalizitsa ntchito zina. Tulo totere tili ngati makala ophimbidwa ndi phulusa pa mbaula, omwe amaoneka ozima koma kamphepo kakangodutsa amayakanso. Laputopu zambiri zopangidwa m'zaka zaposachedwa zili ndi Modern Standby yokha, ndipo pa zimenezi ndi pamene vuto lachitatu lija limachulukira. Ngati lipotilo likunena kuti palibe Standby ya mtundu uliwonse imene ikutheka, ndipo likutchula Graphics monga chifukwa, ndiye kuti driver ya sikirini yachoka, ndipo mutha kudumpha zonsezi n'kupita pa gawo la ma driver.

Lamulo lachiwiri ndi limene limayankha vuto loyamba lija, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa ena onse m'malangizo awa:

powercfg /requests

Pulogalamu kapena driver iliyonse imene ikufuna kuti kompyuta isagone imapereka pempho kwa Windows, ndipo lamuloli limatulutsa mapempho onse amene alipo pa nthawi imeneyo. Amasanjidwa pansi pa mitu monga DISPLAY, SYSTEM, AWAYMODE ndi EXECUTION. Pa kompyuta imene palibe chikuigwira, pansi pa mutu uliwonse pamalembedwa None. Pempho la DISPLAY limaletsa sikirini kuthima, ndipo la SYSTEM limaletsa makina kugona okha. Popeza lipotili limangosonyeza za nthawi yomweyo, ndi bwino kulemba lamuloli kangapo: mutangoyatsa, mutatsegula mapulogalamu anu a masiku onse, komanso pa nthawi imene laputopu inayenera kukhala itagona.

Mayina amene amaonekera pamenepa ndi ochepa, ndipo ndi omwewomwewo pa makompyuta ambiri. Mukaona chrome.exe kapena msedge.exe ndi mawu akuti Video Wake Lock, pali tsamba limene likuonetsa vidiyo, mwina pa tabu imene munaiiwala. Mukaona mawu otchula WebRTC, pali tsamba lolankhulirana pa mawu kapena pa vidiyo limene silinadule kulumikizana kwake. Pa zonse ziwirizi kutseka tabuyo n'kokwanira. Mukaona driver ya mawu, yomwe pa laputopu zambiri ndi ya Realtek, pamodzi ndi chiganizo chakuti An audio stream is currently in use, pali pulogalamu imene yagwira sipika kapena maikolofoni ngakhale kuti palibe chimene chikumveka. Tsekani mapulogalamu a misonkhano ndi a nyimbo, imodzi pa nthawi, ndipo muzilembanso lamulo lija mpaka mzerewo utachoka. Dzina la srvnet limatanthauza kuti kompyuta ina pa netiweki, monga ya mnzanu ku ofesi, yakhala ikupempha mafayilo pa laputopu yanu. Legacy Kernel Caller ndi dzina losathandiza kwenikweni chifukwa silitchula wolakwa weniweni, komabe limakuuzani kuti mufufuze pakati pa ma driver, kuyambira ndi a zipangizo za USB ndi a mawu.

Dzina limene limakhudzana kwambiri ndi nkhani ya update ndi MoUsoCoreWorker.exe. Si vairasi ayi, koma gawo la Windows limene limayendetsa ntchito yofufuza ndi kuika ma update. Linatchuka mu 2020, pamene anthu ambiri ogwiritsa ntchito Windows 10 version 2004 anadandaula kuti makompyuta awo asiya kugona, ndipo dzinali ndi limene linkatuluka pa lipoti. Mukaliona, ganizirani kaye kuti pali update imene ikudikira. Bwererani pa Windows Update, onaninso Optional updates, yomwe pa Windows 11 ili pansi pa Advanced options, ikani zimene zatsala, ndi kuchita Restart. Likakakamirabe, dinani batani la Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Windows Update pa mndandandawo, dinani ndi batani lakumanja ndi kusankha Restart, kenako fufuzaninso ma update.

Pali njira youzira Windows kuti izinyalanyaza pempho la pulogalamu inayake:

powercfg /requestsoverride PROCESS dzina.exe DISPLAY SYSTEM

M'malo mwa dzina.exe mulembe dzina la pulogalamuyo monga mmene laonekera pa lipoti. Kulemba lamulo lomweli popanda mawu awiri omalizawo kumabweza zinthu mmene zinalili. Njira imeneyi ndi yoyenera pa pulogalamu imene simungachite popanda iyo koma ili ndi khalidwe loipa. Sindikulangizani kuigwiritsa ntchito pa MoUsoCoreWorker.exe kapena pa pulogalamu yosunga makope a mafayilo anu, chifukwa kumeneko ndi kutseka pakamwa chinthu chimene chikunena zoona kuti ntchito sinathe, ndipo vuto lenilenilo limakhalapobe mobisika.

Ikamagona n'kudzukanso

Vuto lachiwiri lili ndi malamulo ake atatu. Laputopu ikangodzuka yokha, musanachite china chilichonse, lembani powercfg /lastwake, lomwe limatchula chimene chaidzutsa komaliza. Kenako lembani powercfg /devicequery wake_armed kuti muone zipangizo zonse zimene zili ndi chilolezo choidzutsa. Pa mndandandawu pamapezeka kawirikawiri kiyibodi, mausi ndi khadi la netiweki. Mausi yopanda chingwe ndiyo imavutitsa kwambiri, chifukwa tebulo kapena chikwama chikangogwedezeka pang'ono, kompyuta imayesa kuti munthu waigwira. Tsegulani Device Manager podina Start ndi batani lakumanja, pezani chipangizocho, tsegulani Properties, pitani pa Power Management, ndipo chotsani chizindikiro pa Allow this device to wake the computer. Pa khadi la netiweki, ngati ku ntchito kwanu amafuna kuti kompyuta izidzutsidwa kudzera pa netiweki, siyani chilolezocho koma chongani Only allow a magic packet to wake the computer, kuti isamadzuke ndi uthenga uliwonse wodutsa. Musalande chilolezo kiyibodi ndi mausi zonse ziwiri musanatsimikize kuti batani loyatsira limadzutsa laputopuyo bwinobwino. Pa makina a Modern Standby tsamba la Power Management limasowa pa zipangizo zambiri, ndipo kusowako si kuwonongeka. Kumeneko njira yachidule ndi kuzimitsa mausi pa kabatani kake kapansi musanatseke laputopu.

Lamulo lachitatu ndi powercfg /waketimers. Limasonyeza ntchito zimene zaika nthawi yodzutsira kompyuta, ndipo pambuyo pa update pamatha kuoneka ntchito za UpdateOrchestrator, gawo loyendetsa ma update, zimene zikufuna kumalizitsa Restart usiku. Palinso Automatic Maintenance, ntchito yodzikonza yokha imene Windows imaiika pa 2 koloko usiku pokhapokha mutasintha. Kuti muletse zimenezi, bwererani pa powercfg.cpl, dinani Change plan settings, kenako Change advanced power settings, tsegulani Sleep ndi Allow wake timers, ndipo sankhani Disable, makamaka mbali ya batire. Ngati lamulo la lastwake silikutchula kanthu, tsegulani Event Viewer, pitani pa Windows Logs ndi System, ndipo fufuzani mizere ya Power-Troubleshooter yokhala ndi nambala 1, imene imalemba nthawi yogonera, nthawi yodzukira ndi Wake Source. Pa Modern Standby mizere yofunika ndi ya Kernel-Power, nambala 506 polowa m'tulo ndi 507 potuluka. Nthawi zolembedwazo zimaulula zambiri. Kudzuka pa ola lomwelomwelo usiku uliwonse kumaloza ntchito yoikidwa nthawi, pamene kudzuka patangopita masekondi chigonereni kumaloza chipangizo kapena driver yake.

Ikamaoneka yogona koma ikutentha

Vuto lachitatu silioneka bwino pa malamulo amene tatchulawa, chifukwa kwa Windows laputopuyo inagona. Pa makina a Modern Standby, isiyeni usiku wonse pa batire, ndipo m'mawa lembani izi:

powercfg /sleepstudy /output C:\tulo.html

Kenako tsegulani fayilo ya tulo.html imene ili pa diski C. Lipotili limaonetsa masiku atatu apitawo, ndipo nthawi iliyonse imene laputopu inagona ili ndi mzere wake wosonyeza kutalika kwa tulo ndi kuchuluka kwa moto umene unatha. Mizere yobiriwira ndi yabwino, ya mtundu wa lalanje ndi yokayikitsa, ndipo yofiira ndi imene muyenera kuidina. Laputopu yathanzi imataya moto wosakwana 1 peresenti pa ola ikagona, ndipo imene ikutaya 5 kapena 10 peresenti pa ola sinagone ayi. Mukatsegula mzere wofiira mupeza gawo la Top Offenders, lomwe limatchula zinthu zimene zinakhala maso nthawi yaitali kuposa zinzake. Dzina la pamwamba ndilo lofunika. Likakhala la khadi la Wi-Fi, la Bluetooth, la USB kapena la mawu, mwapeza driver yoti muikonze. Likakhala lokhudza Windows Update, mwabwereranso pa nkhani ya update yosamaliza ija.

Palinso mayeso osafuna ukatswiri. Lembani papepala kuchuluka kwa moto madzulo, yatsani Airplane mode, tsekani chivindikiro, ndipo m'mawa muyerekeze ndi usiku umene netiweki inali yoyaka. Kusiyana kukakhala kwakukulu, cholakwa chili ku mbali ya netiweki. Ndi bwinonso kuzolowera kuzula chaja musanatseke chivindikiro, chifukwa laputopu ikakhala pa chaja Windows imalola ntchito zambiri kupitirira m'tulo, kuphatikizapo za ma update. Pa intaneti mudzapeza malangizo osintha registry, nkhokwe ya makonzedwe a mkati mwa Windows, kuti mukakamize laputopu ya Modern Standby kubwerera ku S3, ndipo ndikupemphani kuti muwapewe. Ngati opanga laputopuyo sanaike S3 mu BIOS yake, pulogalamu ya mkati mwa makina imene imayamba Windows isanayake, kusinthako kumakusiyani opanda tulo ta mtundu uliwonse, kapena ndi makina amene amagona osadzukanso mpaka muwathimitse mokakamiza. A Microsoft eni ake amanena kuti kuchoka ku mtundu umodzi wa tulo kupita ku wina kumafuna kuikanso Windows mwatsopano.

Ma driver ndi BIOS

Mwa zonse zimene update imasintha, ma driver ndi amene amakhudza tulo kwambiri, chifukwa kompyuta singagone bwino chipangizo chimodzi chikakana kuchepetsa moto wake. Pa Windows Update tsegulani Update history, onani pansi pa Driver Updates, ndipo yerekezani madeti ake ndi tsiku limene vuto linayamba. Kenako pa Device Manager tsegulani Display adapters. Mukapeza palembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa Intel, AMD kapena NVIDIA, driver yeniyeni yachoka, ndipo imene yatsalayo sidziwa kugoneka makina. N'chifukwa chake nthawi zina Sleep imasowa pa mndandanda wa Power. Driver ikakhalapo, koma Update history ikusonyeza kuti yasinthidwa posachedwa, tsegulani Properties, pitani pa Driver, ndipo dinani Roll Back Driver. Batani limeneli likakhala lotuwa, losadinika, ndiye kuti Windows sinasunge driver yakale, ndipo muyenera kukaitenga pa tsamba la opanga laputopuyo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, pogwiritsa ntchito nambala ya makina yolembedwa kunsi kwake. Yambani ndi driver ya chipset, ndi ya Intel Management Engine ngati purosesa yanu ndi ya Intel, kenako sikirini, Wi-Fi ndi mawu. Mukaika imodzi chitani Restart ndi kuyesa tulo musanapite pa ina, apo ayi simudzadziwa kuti ndi iti imene yakonza vutolo. Mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi musawakhulupirire.

Eni laputopu zogulidwa zitagwira kale ntchito kunja ayenera kudziwa mfundo imodzi yowawa. Windows 11, yomwe inatuluka pa 5 Okotobala 2021, imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa imene kumbali ya Intel ndi ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa chabe. Ogulitsa ena amaika Windows 11 pa makina akale mozemba zofunikazi, ndipo makina otero alibe ma driver amene opanga anawayesa pa Windows 11. Update yaikulu iliyonse ikhoza kusokonezanso tulo, ndipo palibe kampani imene ili ndi udindo wokonza. Pa makina otero yesani driver yomaliza ya Windows 10 imene ili pa tsamba la opanga.

Kugona ndi kudzuka kwa kompyuta ndi ntchito ya Windows pamodzi ndi BIOS, choncho opanga laputopu amatulutsa BIOS yatsopano yokonza mavuto otere. Mutha kuipeza pa tsamba lawo kapena kudzera pa mapulogalamu awo monga HP Support Assistant, Lenovo Vantage ndi Dell SupportAssist. Gawo ili ndi loopsa kuposa onse amene tadutsamo, chifukwa makina akathima ntchitoyi ili pakati, laputopu ikhoza kukana kuyakanso. Muichite batire lili lodzaza, chaja ili yolumikizidwa, ndipo pa nthawi imene simukuyembekezera kuti magetsi athima. Musanayambe, onani ngati diski yanu ndi yokiyidwa ndi BitLocker kapena Device encryption. Ikakhala yokiyidwa, pezani kiyi yake ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa pa akaunti yanu ya Microsoft, ndipo ilembeni papepala, chifukwa BIOS ikasintha kompyuta imatha kuifunsa isanakuloleni kulowa. Ngati laputopu ndi ya ku ntchito, gawo limeneli asiyireni oyang'anira makompyuta kumeneko.

Zonsezi zikalephera, yesani zinthu zitatu zazifupi. Lamulo la powercfg /restoredefaultschemes limabweza makonzedwe onse a moto mmene analili poyamba, koma limafufutanso amene munapanga nokha. Malamulo a DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth ndi sfc /scannow, olembedwa motsatana choncho, amakonza mafayilo a Windows amene anawonongeka update ikulowa. Pomaliza dinani batani la Windows ndi R, lembani msconfig, pitani pa Services, chongani Hide all Microsoft services, dinani Disable all ndi kuchita Restart. Tulo tikabwerera, wolakwa ndi pulogalamu ya kampani ina, ndipo mudzaipeza poyatsanso pang'onopang'ono zimene munazimitsa pa Services zija. Mukamaliza musaiwale kuyatsa otsalawo.

Kuchotsa update

Tsopano ndi pamene kuchotsa update kumakhala koyenera. Ma update alipo a mitundu iwiri. A mwezi ndi mwezi, amene Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ali ndi nambala yoyamba ndi KB, ndipo amachotsedwa pa Update history podina Uninstall updates. Mukachotsa, dinani Pause updates, apo ayi update yomweyo idzabwereranso. Windows imalola kuimitsa mpaka milungu 5, koma musafike kumeneko popanda chifukwa, pakuti ma update amenewa ndi amene amatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti. Lembani nambala ya KB ija ndipo muifufuze pa tsamba la Microsoft la Windows release health, pomwe amalengeza mavuto odziwika ndi update imene yawakonza. Update yaikulu, yosintha version yonse monga kuchoka pa 23H2 kupita pa 24H2, imabwezedwa pa Settings, System, Recovery ndi Go back, ndipo pa Windows 10 malowa ali pansi pa Update & Security. Mwayi umenewu umakhalapo kwa masiku 10 okha, ndipo umadalira foda ya Windows.old, choncho musaifufute pofuna malo pa diski musanatsimikize kuti laputopu ikugona bwino. Amene akadali pa Windows 10 akumbukire kuti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okotobala 2025, kupatula olembetsa ku Extended Security Updates, omwe amalandira zokonza za chitetezo. Vuto la tulo pa Windows 10 musayembekezere kuti update yamtsogolo idzalichotsa.

Pamene mukudikira driver kapena update yokonza, gwiritsani ntchito Hibernate. Njira imeneyi imalemba zonse zimene zili mu RAM pa fayilo ya hiberfil.sys, kenako imathimitsiratu makina, kotero kuti mausi kapena uthenga wa pa Wi-Fi sizingawadzutse wamba. Imachedwa masekondi angapo kuyaka poyerekeza ndi Sleep, ndipo fayiloyo imatenga malo pafupifupi 40 peresenti ya kukula kwa RAM, kutanthauza 3 GB ndi pang'ono pa laputopu ya 8 GB. Kwa munthu amene amayenda ndi laputopu tsiku lililonse, kapena amene sadziwa kuti adzatchajanso liti, mtengo umenewu ndi wochepa, ndipo pa makina a Modern Standby ine ndimaona kuti ndi bwino kuisiya choncho ngakhale vuto litatha. Lembani powercfg /h on pa zenera la malamulo. Kenako pa powercfg.cpl sankhani Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, chongani Hibernate, ndipo pa When I close the lid sankhani Hibernate mbali ya batire musanadine Save changes. Amene amatseka ndi kutsegula laputopu pafupipafupi angasiye chivindikiro pa Sleep, koma pa Change advanced power settings aike Hibernate after pa mphindi 30 kapena 60. Ngati Hibernate nayonso ikukana, kapena laputopu ikumayambiranso m'malo mothima, vutolo lili mu driver, mu BIOS kapena mu update yeniyeniyo, ndipo popita kwa okonza mutenge fayilo ya tulo.html, chithunzi cha zimene powercfg /requests yatulutsa, ndi nambala ya KB ya update yomaliza.